Mana a Tsiku Limodzi

Kuwerenga: Eksodo 16:13-21



Chiyambireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ambiri a ife sitigona tulo tabwino mitambo ikachita bii. Tinaona matope akutsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe. Mu 2024 kunabweranso ng'amba, chimanga n'kupserera m'minda. Tsopano mvula ikabwera tikuopa, ikachedwa tikuopanso. Chimene chikutidya ndi kusadziwa za mawa.

Ife amene tinagwirako ntchito ya unamwino tinaona amayi ambiri akudandaula mutu, kusowa tulo, mtima kugunda kwambiri ndi kusafuna chakudya, koma powayeza malungo osapezeka. Titacheza nawo, tinkapeza kuti ndi nkhawa. Nkhawa yokhalitsa imafooketsa thupi, ndipo kwa odwala BP imawonjezera vuto. Choncho tisamuuze mnzathu kuti alibe chikhulupiriro. Akuvutikadi.

Ana a Israyeli anakhala zaka 40 m'chipululu opanda munda kapena nkhokwe. Mulungu ankawapatsa mana okwanira tsiku limodzi, ndipo pa tsiku lachisanu ndi chimodzi ankatola a masiku awiri chifukwa cha Sabata. Ena chifukwa cha mantha anasungako, koma kutacha anapeza mphutsi ndi fungo. Sikuti Mulungu akudana ndi nkhokwe, pakuti Yosefe anasunga chakudya ku Igupto napulumutsa anthu. Chimene chimaola ndi nkhawa ya mawa tikaisunga mumtima lero. Ambuye Yesu anatiphunzitsanso zomwezi pa Mateyu 6.

Nanga tichite chiyani? Tisiyanitse zimene zili m'manja mwathu ndi zimene zili m'manja mwa Mulungu. Kulambula ngalande, kubzalako chinangwa ndi mbatata, kumvera machenjezo a zanyengo pa wailesi ndi kusamuka m'malo oopsa, izi ndi zathu. Tsiku lobwera mvula si lathu. Madzulo tisanagone, titchule nkhawa zathu imodziimodzi m'pemphero, ndi kuzisiya kwa Iye wosagona.

Komanso mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano wathu wa sabata ino, aliyense ayang'ane kuti ndani sakubweranso, ndipo timuyendere. Ngati mayi watha masabata osagona, osadya, kapena akulankhula zofuna kudzipha, tisangomupempherera ayi, timuperekezenso kuchipatala ndi kudziwitsa abambo wansembe.

Mana a lero alipo. A mawa adzagwa mawa.

Tipemphere: Atate, tikupereka kwa Inu minda yathu, ana athu ndi usiku uno. Tipatseni mphamvu zokwanira lero, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.