Zilekeni ndi Mapiritsi a ku Kabulonga

Padangokhala.

Tilitonse.

Ku Chunga, kufupi ndi msewu wopita kumanda, kunali Ambuya ena amene ankakhala ndi mdzukulu wawo wamwamuna, galu ndi mphaka. Galuyo anamutola ali kamwana kudzala lalikulu la zinyalala la ku Chunga komweko, thupi lonse nkhupakupa zokhazokha. Anthu anawauza kuti azileke, kagalu kotero sikangakule. Kanakula, ndipo dzina linakhala lomwelo, Zilekeni. Mphaka anali Kamdima, wakuda bii, wosakonda kugwiridwa.

Chinali chaka cha 2024, chija mvula inadula chimanga chikumasula, mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chaika dziko pa tsoka. Unga unakwera mtengo. Mkute umene Zilekeni ankadalira unasowa, poti aliyense ankakombeza mbale yake. Ambuya sanafune kuti galu wawo azikafukula kudzala kumene anamuchotsa, choncho anagula thumba la gaga lotchipa pamsika. Atalimasula linatulutsa fungo la m'chipinda chotsekedwa nthawi ya dzinja, ndipo pansi pake panali timibulu tobiriwira.

"Galu sasankha," anatero Ambuya, uku akuvundula mphika.

Patapita masabata angapo Zilekeni anasiya kuthamangira njinga. Ankagona pansi pa mtengo wa mango, akadya n'kusanza. Mdzukulu uja atamukweza mlomo anapeza nkhama zili chikasu ngati dzira, maso chimodzimodzi.

Mwana wamkazi wa Ambuya ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga. Kumeneko kunali chigalu chachikulu, chokalamba, chimene chinkamwa mapiritsi othandiza chiwindi. Atafotokoza za Zilekeni, abwana ake anamupatsa otsala mwachifundo, ndipo Loweruka anabwera nawo.

"Amayi, awa ndi odula, a agalu a m'mayadi. Akuti amalimbitsa chiwindi."

Ambuya anawalandira ndi manja awiri. Anawatulutsa onse m'timapepala tawo tonyezimira n'kuwathira m'kabotolo, kuti asamavutike kusenda tsiku lililonse. Poona kuti ndi aakulu, anatenga limodzi, kuliphwanya ndi mwala, n'kusakaniza ufa wake m'nsima ya gaga yomwe ija. Kenaka anayang'ana Kamdima. Mtima wa kholo sufuna kuti mwana wina amanidwe, ndiye anawaza ufa wotsalawo pa kapenta wa mphaka kuti nayenso alimbe.

Kamdima ananunkhiza kamodzi, anagwedeza mwendo, n'kukwera padenga. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake sanatsike n'komwe.

Aneba anabwera kudzaona odwala. Anali mayi odziwa mankhwala a chilichonse, ndipo ankathandiza ndi mtima wonse.

"Pusi uyu ali ndi mutu, Ambuya. Mupatseni Panado, theka chabe. Ana anga onse ndawalera ndi Panado."

Ambuya anamanga piritsilo pansonga ya chitenje kuti mphaka akangotsika am'mwetse.

Usiku umenewo magetsi anali atazima, monga ankachitira chaka chimenecho madzi atachepa ku Kariba. Mdzukulu uja tulo tinamusowa. Ndipo anamva mawu padenga, aang'ono, akuimba:

Ambuya andikonda, ndathawa,
mbale yanga yawawa, ndathawa,
cha m'chitenje n'chakupha, ndathawa,
funsani thumba, thumba lidziwa.

Pansi pa mango Zilekeni anayankha mofooka.

"Tsika, Kamdima. Ambuya sangatichite choipa. Ine ndimadya chilichonse chochokera m'manja mwawo."

"N'chimene chakugoneka pamenepo," anatero Kamdima. "Manja ndi abwino, koma maso awo sakuona zimene mphuno yako inakuuza tsiku loyamba. Unamva fungo lija?"

"Ndinalimva."

"Nanga unadyeranji?"

"Anaphika ndi chikondi. Ndikanakana bwanji?"

M'mawa mnyamatayo anawauza Ambuya zonse. Iwo anati analota. Koma madzulo ake, wailesi ili pakhonde, anamva kuti Nduna ya Zaumoyo, a Elijah Muchima, yanena kuti agalu pafupifupi 400 afa m'mwezi umodzi chifukwa cha poizoni wa chuku wopezeka m'chimanga, amene amatchedwa aflatoxin. Munali mu Ogasiti. Ambuya anakhala chete nthawi yaitali, maso ali pa thumba lija.

Tambala woyamba atalira anakagogoda kwa bambo wina wa galimoto yonyamula makala. Zilekeni anamugoneka pa masaka, Kamdima anamunyengerera ndi mkaka n'kumutsekera m'katoni yoboola. Anadutsa m'tauni, kulowa msewu wa Great East, mpaka kusukulu ya zachipatala cha ziweto ya pa University of Zambia, yomwe ili ndi dzina la Samora Machel.

Adokotala, mayi wachitsikana, anayamba ndi sikelo. Kenaka anatenga magazi, n'kumuika Zilekeni diripi. Atatero anakhala pansi n'kufunsa zimene galuyo amadya. Ambuya anatulutsa gaga wodzaza dzanja amene anakulunga m'pepala, kabotolo kaja, ndi Panado wa m'chitenje, n'kuziyala patebulo ngati munthu wofika pabwalo la mfumu.

"Ambuya, mapiritsi awa ndi abwino," anatero adokotala. "Muli zinthu ziwiri. China chimatchedwa SAMe, chimathandiza chiwindi kupanga zodzitetezera ku poizoni. China ndi silybin, chochokera ku chomera chaminga. Koma amangothandizira. Mukamamupatsa piritsi m'nsima ya chuku, zili ngati kukolopa m'nyumba mpopi uli chitsegulire."

"Ndiye ndamupha ndine, mwana wanga?"

"Sanafe, Ambuya. Mwabwera naye."

Adokotala ananyamula kabotolo n'kukagwedeza. Mapiritsi anali atayamba kumatana. Anafotokoza kuti amaikidwa lililonse m'kathumba kake chifukwa chinyezi chimawawononga, ndipo khungu lawo losalala lija analipanga kuti piritsi lidutse m'mimba osasungunuka, likasungunukire m'matumbo. Wophwanya ndi mwala wataya mankhwala, watsala ndi kuwawa kokha. Anati amamwetsa lathunthu, m'mawa m'mimba muli mbee, chakudya n'kudikira ola limodzi. Ndipo kukula kwa piritsi kumatsata sikelo: la chigalu cha ku Kabulonga silinali la Zilekeni, kuli bwanji Kamdima.

Atafika pa Panado, nkhope ya adokotala inasintha. Analitenga n'kuliponya m'chitini cha zinyalala.

"Ili lokha likanatha kumupha mphaka wanu. Chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya mankhwala amenewa ngati cha munthu. Magazi amada, nkhope imatupa, amabanika. Ngakhale galu musamupatse za m'kabati mwanu musanafunse. Zina zotsekemera za anthu zimakhala ndi xylitol, amene amawononga chiwindi cha galu."

Ambuya anagwira pakamwa. Mdzukulu anayang'ana katoni ija, ndipo pa kabowo panali diso limodzi likumuyang'ananso.

Magazi a Kamdima anapezeka kuti ali bwino. Sankafunika piritsi lililonse, ankafunika kapenta wosawawa. Adokotala anachenjeza kuti mphaka akakhala masiku angapo osadya, mafuta amadzaza chiwindi chake, matenda amene analibe n'kumupeza. Anawonjeza kuti tsiku lina akadzalembedwa piritsi, azidzamutsatiza timadzi pang'ono ndi sirinji yopanda singano, kuti lisatsakamire pakhosi.

Zilekeni anagona kumeneko masiku anayi. Galu wa aneba aja, amene ankadya gaga wa pamsika womwewo, sanafike sabata yotsatira, ndipo Ambuya ndiwo anawathandiza kukumba.

Atabwerera kunyumba, Ambuya anakokera thumba lija panja. Aneba anati aliperekeko kwa nkhuku, lisapite pachabe. Ambuya anapukusa mutu, anakumba dzenje lakuya kuseri kwa chimbudzi, analikhuthulira momwemo n'kukwirira, pamwamba n'kuikapo mwala. Unga wawo womwe anaupeta padzuwa n'kuununkhiza, chidebe n'kuchikweza pa njerwa.

Kuyambira pamenepo ntchito ya m'mawa inali ya mdzukulu. Asanapite kusukulu ankasenda kathumba kamodzi ka mapiritsi atsopano, kutsegula kukamwa kwa Zilekeni, kuika piritsi kumapeto kwa lilime, kutseka, n'kusisita pakhosi mpaka galu atanyambita mphuno. Ambuya ankayang'ana wotchi ya pafoni, mbale ili pamwamba pa kabati. Zilekeni ankawayang'ana ndi maso opempha, iwo n'kutembenukira kukhoma.

"Dikira, mwana wanga. Ola silinakwane."

Patatha mwezi anabwerera naye kukayezetsa magazi. Nkhama zinali zitayamba kufiira. Madzulo a tsiku limenelo njinga inadutsa pamsewu, ndipo Zilekeni anadzuka, anaithamangira mpaka pa ngalande, n'kubwerako akupuma wefuwefu. Kamdima anatsika padenga, ananunkhiza mbale yake kawiri, n'kuyamba kudya.