Fisi Anawerenga Mitu Masana

Padangokhala. M'munsi mwa phiri la Kanjala, ku Chipata, nyama zinali ndi khonsolo yawoyawo. Wapampando anali Njovu, msungichuma anali Fisi. Zinalinso ndi laibulale, kanyumba ka njerwa zootcha kofoleredwa ndi malata akale, ndipo makiyi ake ankasunga ndi ambuya Kamba.

Ambuya Kamba anali mvula zakale. Anaona tauniyo ikutchedwabe Fort Jameson. Ankakumbukira chaka cha 1962 pamene bungwe limene linadzatchedwa Zambia Library Service linayamba ntchito, ndi mmene Chipata inapezera laibulale ya chigawo monga Kasama, Mansa, Mongu, Solwezi ndi Choma. Nyama zitaona ana a anthu akutuluka ndi mabuku m'khwapa, nazonso zinasonkherana n'kumanga yawo, ndipo khonsolo inalonjeza kuti chaka chilichonse izipatula kandalama kosamalira nyumbayo.

Mu 2017, Chipata itakwezedwa kukhala mzinda, Fisi anayamba kuyenda mothimbwidzika.

"Bwana Wapampando," anatero pamsonkhano, "tsopano tili mzere umodzi ndi Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone. Kodi n'zoona inu muziyendabe wapansi? Tikugulireni galimoto."

Za kutseka laibulale sanazitchule, ankadziwa kuti nyama zikanalusa. Chaka choyamba anangochotsa ndalama zogulira nyuzipepala. Chaka chachiwiri anachotsa za mankhwala a chiswe ndi zokonzera malata. Chachitatu anati bilu ya magetsi yakula, choncho laibulale izitsekedwa 4 koloko madzulo. Nthawi zonse ambuya Kamba ankanyamuka kuti akadandaule, koma pofika ankapeza makhansala atakweza kale manja, akusamba kuti adye.

Chiswe sichinachedwe kumva. Chinamanga tinjira take tadothi kuchokera pansi mpaka pashelefu yapamwamba. Tsiku lina mwana wa Gologolo anatsegula buku la masamu la Giledi 9, chikuto chili bwinobwino, koma m'kati munali dothi lokhalokha, moti linayoyokera pamiyendo pake. Dzinja likafika ambuya Kamba ankatchera mabeseni pansi pa malata odontha, n'kumafunditsa mabuku ndi matumba a feteleza.

Kenaka kunabwera chilala cha 2024. Chimanga chinapserera m'minda chisanamasule, madzi anachepa ku Kariba, ndipo magetsi ankazima tsiku lonse. Njala inalipodi, ndipo thumba la khonsolo linapepukadi, zimenezo palibe angatsutse. Koma Fisi anapezerapo mpata. Lachiwiri lina, dzuwa lili paliwombo, analowa m'laibulale ndi kope lake kudzawerenga mitu. Anapeza ambuya Kamba akusesa, ndi Birimankhwe akuwodzera pabenchi. Analemba kuti "awiri", n'kutuluka akumwetulira.

Nanga masana angapezemo ndani? Ana anali kusukulu. Mai Nkhanga anali kumsika wa Kapata kugulitsa tomato ndi nsawa, chonsecho ndiwo ankakonda kubwereka timabuku ta ulimi, tofotokoza mbewu zimene akatswiri amayesa ku Msekera. Kalulu anali pamsewu, kupalasa njinga yonyamula anthu pakati pa Down Shops, Mchini ndi Nabvutika, kusaka ndalama yolembetsera mayeso a Giledi 12 amene anawalephera ali mnyamata. Onsewa nthawi yawo yowerenga inali madzulo, ndipo madzulowo ndiwo Fisi anali atawalanda kale.

Chikalata chinamatidwa pamtengo wa mango: Lachisanu, 6 koloko madzulo, khonsolo idzakambirana zotseka laibulale ndi kubwereketsa nyumbayo kwa wogulitsa mowa.

Kalulu anapeza ambuya Kamba atakhala pakhomo, mutu uli m'chigoba.

"Ambuya, mwakhala mukupita nokha zaka zonsezi, ife tili phee. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kodi lamulo limati chiyani za misonkhano ya khonsolo?"

"Limati nyama iliyonse ikhoza kulowa n'kumvetsera, bola isasokose."

"Nanga m'holo mwawo muja magetsi amazima?"

"Iyayi mdzukulu wanga, anaikamo sola."

Kalulu anaseka mpaka makutu kugwedera. Lachisanu sananyamule munthu wolipira ngakhale mmodzi. Woyamba kukwera pakaliyala anali ambuya Kamba, atakumbatira kaundula wa obwereka mabuku. Kenaka anazungulira makomboni onse, ndipo anzake a njinga anamuthandiza.

Makhansala pofika anapeza holo yadzaza. Panalibe wonyamula chikwangwani, panalibe woimba nyimbo. Aliyense anali ndi buku, maso pa tsamba. Mai Nkhanga anali pabenchi yakutsogolo, dengu la tomato wotsala lili pamapazi. Ana a Gologolo anadzaza mawindo. Ena anakhala pansi mpaka pakhomo, moti Njovu anachita kuyenda monyang'ama kuopa kuponda wina.

"Atuluke onsewa!" anakuwa Fisi.

"Asokosa kodi?" anafunsa Njovu.

Fisi anasowa chonena. Anatsegula kope lake n'kuwerenga mwamsangamsanga kuti laibulale imalowa nyama ziwiri zokha. Apo ambuya Kamba anakwawa pang'onopang'ono mpaka patebulo, ndipo holo yonse inawadikira.

"Bwana Wapampando, a Fisi sananame, anapezadi awiri. Koma anabwera masana. Awa mukuwaonawa ndiwo eni ake laibulale, abwera kuno chifukwa kuno n'kumene kuli kuwala. Mayina awo ndi awa."

Njovu anayamba kutsegula kaundulayo ndi chitamba. Anapezamo dzina la kalaliki wa khonsolo, la namwino wa kuchipatala cha nyama, ndiponso la Fisi mwiniwake, lolembedwa ndi dzanja lachibwana zaka zambiri zapitazo, pambali pa buku la masamu limene sanabweze.

"A Fisi, kuwerengera ndalama munaphunzirira kuti?"

Fisi anayang'ana pansi, mchira uli pakati pa miyendo.

Usiku umenewo anakambirana mpaka mochedwa, pakuti ndalama zinali zochepadi ndipo zina zinayenera kugula chimanga cha ovutika ndi njala. Galimoto anaichotsa mu bajeti. Laibulale anaipatsa malata, mankhwala a chiswe ndi sola imodzi. Za nyuzipepala anati zidikire kukolola.

Chaka chotsatira Fisi anabweretsanso pepala lodula ndalama za laibulale, ndipo msonkhano anauika Loweruka m'mawa, nthawi imene msika umagundika. Mai Nkhanga anasiyira mlamu wawo benchi ya tomato, Kalulu anapopa matayala, ndipo pamene Fisi ankafika ndi makiyi a holo anapeza mzere wafika kale kumsewu.