Musamuike mwana mawu m'kamwa

Ana anga, nkhani za m'banja zimene kale zinkathera kwa ankhoswe lero zikukathera kukhoti. Chondisowetsa tulo si katundu amene mukulimbiranayo ayi, koma adzukulu anga amene mwawasandutsa mboni.

Woweruza kapena mlangizi wa zachisamaliro cha anthu akafuna kucheza ndi mwana wanu, musakanize. Pangano la ufulu wa ana la United Nations la 1989, limene Malawi adavomereza mu 1991, limati mwana amvedwe molingana ndi msinkhu ndi nzeru zake. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limaika patsogolo zokomera mwanayo, osati zokomera inu.

Koma musamuloweze zokanena. Mumamukhazika pamkeka usiku, n'kumati, "Ukanene kuti atate ako amabwera ataledzera." Lekani zimenezo. Mwana wa zaka 7 akayamba kutchula "nkhanza" ndi "udindo", ofunsawo amadziwa kuti akumva mawu a munthu wamkulu, ndipo amayamba kukayikira ngakhale zoona zimene zikanamupulumutsa. Musamugulire nsapato sabata ya mlandu, mungamuphunzitse kuti chikondi n'chogula. Musamufunse kuti, "Umakonda ndani, ine kapena amako?" Mako ndi mako angachepe mwendo, ndipo atate n'chimodzimodzi. Akatuluka m'chipinda chimene amamufunsira mafunso, musamupanikize kuti aulule zimene wanena. M'patseni chakudya, apume.

Nanunso achinyamata amene mwapatsidwa ntchito yofunsa anawa, tamverani. Pezani malo a phee, makolo asakhalepo. Khalani naye pansi, muyambe ndi za kusukulu, mantha athe kaye. Nenani kuti, "Tandiuza, kunyumba mumakhala bwanji?" Musati, "Amakumenya, eti?" Mwana wa kwathu kuno tidamulera kuti asamatsutse wamkulu, choncho adzangoti "ee" pofuna kukupatsani ulemu. Muuzeni kuti "sindikudziwa" ndi yankho labwino ndithu. Akakhala chete, dikirani, musamumalizire mawu. Musamulonjeze chinsinsi, chifukwa zimene wanena zikafika kwa woweruza adzati mwamupusitsa.

Koposa zonse, nonsenu mumutsimikizire kuti wogamula ndi woweruza, osati iye. Mukapanda kutero, adzakula akuganiza kuti ndiye adathamangitsa kholo lake. Ukwati watha pakati pa inu awiri, ana anga. Musamusenzetse mwana mlandu umene sadapalamule.