Anaona nyanja ikugawika, koma anaiwala

Inu a ku Mitande, a ku Mandimba, a ku Ngauma mpaka ku Cuamba, m'mawa uno tikambirane za ana a Israyeli.

Anthu amenewa zozizwitsa sanazisowe. Anayenda pouma pakati pa Nyanja Yofiira, ankatola mana m'mawa, anamwa madzi otuluka m'thanthwe ku Refidimu. Koma atafika ku Kadesi, dziko lolonjezedwa lili apo, mitima inawagwa. Mukawerenge Numeri mutu 13 ndi 14. Mose anatuma azondi 12, ndipo atayenda masiku 40 anabwera ndi tsango la mphesa lolemera, lochita kunyamula anthu awiri pa mtengo. Chondecho anachiona onse. Khumi mwa iwo anangokamba za malinga ndi zimphona, ndipo usiku womwewo msasa wonse unali kulira, ena akuti tisankhe mtsogoleri wina atibwezere ku Iguputo. Pakamwa pa anthu khumi panayendetsa mtundu wonse zaka 40 m'chipululu.

Chimandiwawa kwambiri ndi kuiwala kwawo. Pa Numeri 11 anakumbukira nsomba, nkhaka, mavwende ndi anyezi za ku Iguputo, koma zikwapu ndi njerwa za Farao sanazitchule n'komwe. Kusakhulupirira kumayamba chomwecho: munthu amasankha zokumbukira.

Abale anga, ife kuno tili nayo nyanja yathu imene tinaoloka. Agogo, amayi, inu abambo amene munabereka ana kumbuyo n'kudutsa malire a Chiponde kuthawira ku Malawi, mukudziwa zimene ndikunena. Nkhondo ya zaka 16 imene munkathawayo inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Munabwerera n'kupeza minda ili tchire, nyumba zili mabwinja. Munapemphera, munalima, munamanganso. Lero sitima yochokera ku Cuamba ikudutsa pa Mitande kupita ku Lichinga, ndipo ana obadwa mumtendere ali ndi ana awo. Anatiolotsa ndani?

Komatu ikafika Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili gwa, kapena fodya ndi nandolo zikagulidwa motchipa, timayamba kuyankhula ngati azondi khumi aja. Pachitsime, pamsika, ngakhale potuluka m'tchalitchi, mawu ake ndi omwewo: Mulungu watitaya. Mwana akatentha thupi, m'malo mothamangira naye kuchipatala tikupemphera, timayamba tam'manga chithumwa m'chiuno. Ana athu amamva ndi kuona zonsezi. Amakula akudziwa mndandanda wa mavuto a banja, koma za usiku umene Mulungu anapulumutsa agogo awo m'tchire sanamvepo.

Sindikunena kuti njala kulibe. Kalebe ndi Yoswa, azondi awiri otsala aja, sanakane kuti zimphona zilipo, anaziona ndi maso awo. Iwo anangokana kuyeza zimphonazo ndi msinkhu wawo, anaziyeza ndi Mulungu amene anawatulutsa mu ukapolo. Paulo akulembera Akorinto, pa kalata yoyamba mutu 10, anati nkhani zimenezi zinalembedwa kuti zitichenjeze ife. Kalata ya kwa Ahebri mutu 3 ikuwonjezera kuti tizilimbikitsana tsiku ndi tsiku, mtima ungaume. Ndiye madzulo ano, mukatha kudya, agogo, auzeni adzukulu anu mmene munaolokera. Tchulani malo, tchulani amene anakupatsani ufa, tchulani pemphero limene linayankhidwa. Inu achinyamata, ikani foni pansi mufunse.

Kalebe anali ndi zaka 40 pamene anakazonda dzikolo. Anzake onse a msinkhu wake, kupatula Yoswa, anafera m'chipululu iye akuona. Ali ndi zaka 85 anapita kwa Yoswa kukapempha dziko lamapiri, komwe kunali zimphona zija, ndipo anapatsidwa Hebroni. Nkhaniyi ili pa Yoswa mutu 14.