Mkungudza wa pa Phiri la Mulanje

Pomanga Kacisi Solomo anaitanitsa mikungudza ya ku Lebano. Nafenso Mulungu anatipatsa mkungudza wathu, umene sumera wokha kwina konse, koma pa Phiri la Mulanje. Thabwa lace linunkhira, ndipo ciswe sicilidya. Cifukwa cace anthu anaudula usana ndi usiku, ndi moto wa osaka nyama unapsereza timitengo tace.

M'caka ca 1984 unasankhidwa ukhale mtengo wa fuko lathu. Koma m'caka ca 2017, akatswiri a zomera atakwera kukawerenga, anapeza mitengo yaikuru isanu ndi iwiri yokha. Taonani cimene dyera licita!

Pambuyo pace midzi ya m'tsinde mwa phiri inafesa mbeu zace, nibzala mbande pamwamba. Mkungudza ukula pang'onopang'ono. Wobzala lero sadzaceka thabwa lace. Nchito yotere ndiyo ya cikhulupiriro, pakuti tibzalira adzukulu amene sitinawaone.

Mulungu anaika Adamu m'munda akhale mdindo, si mwini ai. Tsono tisatenthe thengo, tisagule matabwa akuba. Pakuti Mwini munda adzatifunsa.