Kodi Chifundo Chili ndi Mtengo?

Abale, pali mlandu umene umandisautsa mumtima, ndipo ndifuna kuti tiuweruze pamodzi. M'dziko lathu la Malawi muli zipatala zazikulu zinayi za boma: cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1958, cha Kamuzu ku Lilongwe cha m'chaka cha 1977, ndi zina ku Zomba ndi ku Mzuzu. Zonsezi zili m'mizinda, ndipo wodwala wamba salipira kanthu pakhomo. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse, 84 akhala kumidzi. Ndipo kwa ambiri a iwo chipatala chimene angafikeko pansi kapena panjinga ndicho cha mishoni, monga cha Nkhoma chimene chinayamba m'chaka cha 1915, kapena cha Embangweni, ndipo kumeneko amalipira. Taonani tsono: kalaliki wolandira malipiro mwezi ndi mwezi achiritsidwa ulere, koma mlimi wa khasu ayamba wagulitsa mbuzi yake. Kodi ichi n'chilungamo?

Ena ati Eklesia wachimwa, pakuti agulitsa chifundo. Ine sindifulumira kutero. Boma limalipira antchito a zipatala za CHAM, koma mankhwala, magetsi, ndi mafuta a galimoto lonyamula odwala siziphuka m'munda. Chipatala chimene chileka kulandira ndalama popanda wina wochigwiriziza, posachedwa chidzakhala nyumba ya makama chabe. Kumbukirani Msamariya uja. Anthu akonda kutama mafuta ndi vinyo, naiwala kuti m'mawa mwake anatulutsa ndalama ziwiri napatsa mwini nyumba ya alendo. Chifundo chija chinali ndi mtengo wake ndithu. Koma wolipira sanali wovulalayo, kapena mwini nyumba. Anali munthu wachitatu. Chifukwa chake funso loyenera ndi ili: wachitatuyo ndani?

Boma linayesa kukhala iye. Kuyambira m'chaka cha 2006 linapangana ndi zipatala zina za mishoni kuti amayi oyembekezera ndi makanda alandiridwe osalipira, boma nilibweza ndalamazo pambuyo. Ndipo amayi ambiri amene akadachirira pamphasa anachirira m'manja mwa anamwino. Ichi tichiyamike. Koma pamene ndalama za boma zinachedwa, zipatala zina zinabwezanso mtengo. Ndipo nkhalamba ya chifuwa, pakuti siili mayi kapena khanda, kawirikawiri panganolo siliidziwa.

Tsono nditembenukire kwa ife eni, ngakhale mawuwa awawa. Munthu akadwala m'mudzi mwathu, timpempherera, tinena kuti pepani, nitibwerera kwathu. Mkazi wake ayendayenda yekha kukongola ya mankhwala, ndipo pochita manyazi adikira sabata, kenaka sabata lina, kufikira nthenda imene ikadagonja ndi jakisoni yakula. Koma tsiku limene amwalira, ha! Mfumu ituma mthenga, amvano abwera ndi ufa ndi nkhuni, akulu a mpingo ayendetsa mbale ya chipepeso, anyamata akumba manda osafunsa malipiro, ndipo mwana wa ku Johannesburg atumiza ndalama pafoni dzuwa lisanalowe. Ndinaona ndi maso anga bokosi limene mtengo wake unapambana ndalama zonse zimene chipatala chinapempha kwa malemuyo akali ndi moyo. Ndinaponyamo nanenso m'mbale ija, ndipo pa masabata onse a kudwala kwake sindinaperekepo kanthu.