Kodi Kulepherana N'kugonja?

Pabwalo la bawo ku Malingunde, anthu amayembekeza kuti wina apambane. Tchesi ndi yosiyana, pakuti aŵiri angathe kulepherana.

Bolodi la tchesi lili ndi zipinda 64, zoyera 32 ndi zakuda 32. Bishopu amayenda mopingasa, ndipo sachoka pamtundu wa zipinda umene anayambira. Tsono wina akatsala ndi bishopu wa zoyera, mnzake wa zakuda, mabishopuwo sadzagwirana. Wochepekedwa amakhazika mfumu yake patsogolo pa msilikali wa mdani, pachipinda chimene bishopu wa mdaniyo sangafike, njira n'kutsekeka. Kuposa mnzako ndi msilikali mmodzi kaŵirikaŵiri sikukwanira. Asilikali aŵiri otalikirana ndiwo amathyola linga, chifukwa bishopu wolondera khomo lina yekha amalephera mfumu ya mdani ikafika.

Nanga wokhala ndi zambiri akavomera kulepherana, ndi wamantha? Iyayi. Kupereka dzanja asanafufuze njira zonse ndi ulesi. Koma kukakamira njira zitatsekeka, pongodikira kuti mnzake atope, ndi umbombo, ndipo ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wanzeru saŵerenga chabe zimene ali nazo. Amayamba wadziŵa zimene zingamuchitire.